Tinalekanitsa boti la matanga ndi kilu yake kuti tione mabawuti

Ntchito yanga ndi umakaniko ndi kuwotcherera, garaja yanga ili ku Chinamwali, ku Zomba. Za maboti ndinazidziwira ku Kachulu, kumene eni maboti a pa nyanja ya Chilwa amandiitana injini zikawavuta. Ndalemba izi poganizira amakaniko anzanga komanso eni maboti amene tsiku lina adzakumana ndi ntchito imene inandipeza ine, yochotsa kilu ya boti la matanga kuti tione ngati mabawuti oigwira akadali amoyo. Maboti otere kuno kwathu ndi owerengeka, odziwa kuwakonza ndiye osowa kwambiri, choncho ntchito ikatuluka imagwera ife amene tili ndi tcheni buloko (chonyamulira katundu wolemera pokoka tcheni) ndi masipanala akuluakulu.

Kwa amene simunalionepo boti lotere lili pamtunda, kilu ndi chitsulo chachikulu chophwatalala chimene chimalendewera kunsi kwake. Mphepo ikadzaza thanga boti limapendekeka, ndipo chimene chimaliwongola kuti lisagadabuke ndi kulemera kwa kiluyo. Pa maboti ambiri kilu yokha imatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa boti lonse, pena kuposerapo. Ina amaiumba ndi mtovu, ina ndi chitsulo cha cast chomwe amapangira buloko ya injini. Katundu yenseyo amagwiridwa ndi mabawuti ochepa chabe oboola pansi pa boti, manati ake ali m'kati, kunsi kwa matabwa opondapo. Akaduka, boti limagadabuka nthawi yomweyo, mlongoti kuloza pansi. Mu May 2014 boti la ku England lotchedwa Cheeki Rafiki linataya kilu pakati pa nyanja ya Atlantic likuchokera ku Antigua, ndipo anthu anayi amene analimo sanapezeke. Ofufuza ngoziyo anapeza kuti botilo linali litagundapo pansi m'mbuyomo n'kukonzedwa. Nyanja yathu ya Malawi ndi yakuya mamita pafupifupi 700 chakumpoto, ndipo amene anaona mafunde a mwera mu June kapena July akudziwa kuti si malo oti munthu n'kusambira kukafika kumtunda.

Boti ndikunenali linali la bambo ena opuma pantchito, okhala cha ku Mulunguzi, ku Zomba konkuno. Ndi la faiba, lotalika mamita 7 ndi theka. Amalisunga ku Mangochi, koma anachita kuligula kwa munthu wina, ndipo lisanabwere ku Malawi linakhala zaka zambiri m'madzi amchere ku Durban. Tsiku lina akuyenda cha ku Cape Maclear anagunda mwala wa pansi pa madzi. Akuti sikunali kugunda koopsa, boti linangoti gu, n'kupitirira ulendo. Koma kuyambira pamenepo ankapeza madzi pansi m'kati mwa boti, akapungula lero mawa abwereranso. Analikweza pa thirela, mlongoti atagoneka, n'kubwera nalo kudzera pa Liwonde mpaka pakhomo pawo, poti ankafuna ntchitoyo ichitike maso awo akuona.

"Amisiri, tangomangitsaniko manatiwa kuti madziwa asiye kulowa," anatero. "Sabata yamawa ndikufuna ndibwerere kunyanja."

Manatiwo ndinawaona, analidi okongola, sitenilesi yonyezimira yopanda dzimbiri n'pang'ono pomwe. Koma nditatsika n'kugwada kunsi kwa boti ndinaona zina. Pamene kilu yakumana ndi thupi la boti, chakutsogolo, panali mng'alu woonda woti chikhadabo n'kulowa, wozungulira mbali zonse ziwiri. Kuchokera pamenepo panatsika mizere iwiri yofiirira ya dzimbiri. Botilo linali litakhala pamtunda masiku angapo padzuwa la September, thupi lonse louma gwa, koma mng'aluwo unali ukuchuchabe. Ndinapaka chala, kanali kamadzi kakuda konunkha chitsulo.

Ndinati, "Bambo, manatiwa ndikhoza kumanga, ndipo mwina madzi angasiyedi kwa kanthawi. Koma chimene ndikumangacho sindikuchiona. Ngati bawuti yadyeka m'katimo, sipanala yangayi ingoitheratu mphamvu yotsalayo, ikadukire panyanja inu muli ndi adzukulu m'botimo." Sanakondwe nazo, ndipo ndinawamvetsa, chifukwa ntchito ya ola limodzi inali itasanduka ya masabata. Anazungulira botilo, anagwada pomwe ndinagwada ine, anagwira kamadzi kaja, kenako anati tiyambepo.

Apa ndifotokoze mofatsa, chifukwa ambirife timakhulupirira kuti sitenilesi siichita dzimbiri. Chimene chimaiteteza ndi kromiyamu amene amasakanizamo, wosachepera magawo 10.5 pa 100 alionse. Kromiyamuyo akakumana ndi mpweya wa okosijeni amapanga kakhungu koonda kosaoneka ndi maso, ndipo kakakandika kamadzipanganso kokha, bola mpweya ukhalepo. Tsono taganizirani bawuti ya kilu. Kumutu kwake kuli m'kati mwa boti, pampweya. Koma pakati pake, pamene yadutsa m'bowo la faiba n'kulowa mu kilu, mpweya sufikapo. Madzi akalowa pamenepo amangokhala osayenda, okosijeni amene analimo amatha, kakhungu kaja kamalephera kudzikonza, ndipo ngati m'madzimo muli mchere chitsulo chimayamba kukumbika timaenje tolowa m'kati. Zili ngati mzati wa nkhokwe umene chiswe chaudya m'nthaka: pamwamba uli bwinobwino woti n'kuutsamira, koma pamene padyeka ndi pomwe pasenza katundu yense. Mabawuti a chitsulo wamba chokutidwa ndi zinki amachita dzimbiri poyera, amatupa, munthu umaona kuti zinthu sizili bwino. A sitenilesi amanyezimirabe mpaka tsiku loduka. Madzi a nyanja ya Malawi alibe mchere woti n'kudandaula nawo, n'chifukwa chake ena amati maboti a kuno savutika ndi zimenezi. Koma boti lochokera ku Durban kapena ku Beira limabwera ndi mchere wake m'ming'alu, limabweranso ndi mabala amene linatenga kale.

Choyamba ikani maginito pa kilu. Akamata ndiye kuti ndi cast, akapanda kumata ndi mtovu, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Mu kilu ya mtovu mabawuti kawirikawiri amawaika mtovuwo usanaume, kunsi kwake atawapinda, moti sazuka. Mukawakakamiza mungowapotokola, ndipo njira yokha yowaonera ndi kulekanitsa kilu ndi boti. Mu kilu ya cast mabawuti amalowa m'mazinga, ndiye n'zotheka kuzula imodzi, kuiona, kuibwezera, kenako ina, boti lili chikhalire pa kilu yake. Yathu inali ya cast. Likanakhala boti losagunda mwala komanso losachucha, ndikanangochita zimenezi basi, n'zotchipa komanso n'zachangu. Koma mng'alu uja unkasonyeza kuti guluu wotseka madzi pakati pa kilu ndi boti watha ntchito, ndipo ameneyo simungamusinthe ziwirizo zili chigwirane. Kumata silikoni kunja kwa mng'alu, monga ena amachitira, n'kungotsekera madzi m'kati kuti apitirize kudya.

Tisanagwire sipanala tinayamba tadziwa kulemera kwa zinthu. Mapepala a botilo anasowa kalekale, ndiye ndinayeza kiluyo ndi tepi, utali, kuya ndi kunenepa kwake m'malo osiyanasiyana, n'kupeza malita pafupifupi 70. Lita imodzi ya cast imalemera makilogalamu 7.2, ya mtovu 11.3. Yathu tsono inali cha m'ma 500, ndipo boti lonse tinaliyerekeza kuti ndi tani imodzi ndi theka. Tinatsitsa zonse zotheka kutsitsa, mabatire, nangula, injini yaing'ono ya kumbuyo, madzi a m'thanki.

Pa ntchito yonseyi nzeru yoposa zonse ndi yakuti kilu siyenera kutsitsidwa, boti ndi limene limakwezedwa. Kilu ikhale pansi, yokhazikika, thupi la boti lichoke pamwamba pake. Pabwalopo panali mtengo waukulu wa mango, ndipo mnyamata wina amene ndimagwira naye ntchito anati timangirire tcheni buloko panthambi. Ndinakana. Nthambi siinena kuti ingasenze zingati, komanso boti liyenera kukwera molunjika kutsogolo ndi kumbuyo nthawi imodzi. Tinawotcherera zimango ziwiri za mapaipi okhuthala, chilichonse ndi tcheni buloko ya matani awiri, n'kuzilumikiza ndi zitsulo zopingasa kuti chimodzi chisagwere chinzake. Malo ambiri ku Mulunguzi ndi otsetsereka, ndiye tinasankha pa simenti pomwe amaimika galimoto, n'kuyeza ndi levulo mwendo uliwonse. Boti tinalikoleka ndi malamba ansalu otambalala, chifukwa tcheni kapena waya zimaphwanya faiba. Malamba awiriwo amangidwe pamodzi ndi chingwe m'mbali zonse, poti boti limaonda chakutsogolo ndipo lamba wakutsogoloyo amafuna kupulumuka. Pamwamba tinapingasa matabwa pakati pa malamba kuti asafinye m'mbali mwa boti.

Tinakweza boti lonse, kukoka thirela, n'kutsitsa mpaka kilu inakhala pa matabwa okhuthala a bulugama. Kenako tinaiwotcherera chimango chake cha zitsulo za engo, choigwira mbali zonse, cha miyendo yotambalala. Ichi musachinyozere. Kilu ndi yopyapyala kunsi, boti likangoisiya imagwa cham'mbali, ndipo makilogalamu 500 akagwera mwendo wa munthu palibe chipatala chingaubwezere.

Ndisanamasule kalikonse ndinajambula zithunzi ndi foni, n'kulemba manambala pambali pa bawuti iliyonse. Analipo 8, a mamilimita 20. Pa imodzi panali waya wokhuthala wochokera ku mlongoti, wotsitsira mphenzi m'madzi kudzera mu kilu. Ameneyo ndinamuika chizindikiro kuti asadzaiwalike pobwezera, poti nthawi ya dzinja panyanja pamagwa mphenzi zambiri ndipo mlongoti ndiwo umakhala pamwamba pa zonse. Manati akumbuyo anatuluka molimba monga ziyenera kukhalira. Nditafika pa bawuti yachiwiri kuchokera kutsogolo, sipanala inangozungulira mofewa m'manja mwanga, ndipo natiyo inatuluka pamodzi ndi chidutswa cha bawuti chotalika ngati chala. Kumutu kwake kunali kuwala. Poduka pake panali pakuda, pokumbikakumbika, ndipo kachitsulo koyera kamene kanali kakugwirabe kanali kochepa kuposa msomali wa mainchesi anayi. Ndinakapereka m'manja mwa eni boti osanena kanthu. Anakatembenuza, anakayang'ana padzuwa, n'kufunsa kuti, "Ndiye ndimayenda pa chimenechi?" Ndinati inde, bambo.

Manati awiri, imodzi kutsogolo ina kumbuyo, sitinawachotse, tinangowamasula n'kusiya mpata wa sentimita imodzi. Cholinga chake n'chakuti guluu akalekerera mwadzidzidzi, boti lisadumphe. Guluu wakaleyu amagwira modabwitsa, moti titayamba kukoka matcheni kilu inafuna kunyamuka pamodzi ndi boti ngakhale manati anali omasula. Zikatero musapitirize kukoka. Tinangokoka pang'ono kuti malamba akungike, n'kuyamba kucheka guluuyo ndi buledi ya hakiso kuchokera pa mng'alu uja. Mpata ukapezeka tinkakhomamo timatabwa tolimba tosongola mbali imodzi, kuno pang'ono, uko pang'ono. Tchizulo yachitsulo ayi, imaboola faiba. Inatenga nthawi, thukuta lili kamukamu, mpaka tinamva kulira kwa guluu akung'ambika ndipo kuwala kunaoneka kudutsa mumpatamo. Pamenepo m'pamene tinachotsa manati awiri aja. Pokweza, anthu awiri a pa matcheni azikoka mofanana, wina akuwerengera mokweza, chifukwa boti likapendekeka mabawuti amakanirira m'mabowo n'kung'amba faiba.

Lamulo limene ndinaika pabwalopo, ndipo ndimaliika paliponse pamene tikunyamula katundu, ndi lakuti dzanja la munthu lisalowe pakati pa kilu ndi boti. Chikagwera mumpatamo chitulutsidwe ndi ndodo. Boti likakwera pang'ono, pansi pake paunjikidwe matabwa, kuti tcheni ikaphonya ligwere pamatabwapo. Ndipo ku Zomba kuno boti pamtunda ndi chinthu chachilendo, ana a m'makomo oyandikana amabwera gulu kudzaonerera. Tinamanga chingwe mozungulira n'kuika munthu wamkulu woyang'anira ana okha basi. Boti litakwera kupitirira mabawuti, tinagudubuza kilu ndi chimango chake pa mapaipi kuichotsa kunsi, n'kutsitsa thupi la boti pa zogwiriziza zake. Sitinalisiye likulendewera usiku.

Titatsuka mabawuti ndi bulashi yawaya, zonse zinaonekera poyera. Kuwonjezera pa yoduka ija, ina iwiri yakutsogolo inali itaonda pakati, ndendende pamzere umene kilu imakumana ndi boti. Veniya, chida choyezera kunenepa kwa chitsulo, inasonyeza mamilimita 14 pamene payenera kukhala 20. Wina angati zangochoka 6 zokha, koma mphamvu ya bawuti imayendera kukula kwa nkhope yake yoduka, ndipo bawuti ya 20 ikafika pa 14 yatsala ndi theka la chitsulo. Ikafika pa 10 ndiye kuti latsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Akumbuyo ankaoneka abwino, kupatula timadontho takuda m'mazinga. Kadontho kotero kakhoza kukhala khomo la dzenje lalikulu m'kati, mukakalowetsa nsonga ya singano mumamva ikumira. Tinagwirizana zosintha onse 8. Munthu wavutika kale mpaka kufika apa, kusiya bawuti yakale chifukwa choumira n'kudzigwetsa m'mavuto omwewo patsogolo.

Kuzula mabawuti mu cast kumafuna mtima wautali, paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mumanga manati awiri mothinana pa bawuti n'kuzungulira ya pansiyo. Tinkathira mafuta omasulira dzimbiri madzulo, m'mawa n'kuyesa, ikakana kuthiranso. Youma mutu tinkatenthetsa cast yoizungulira ndi moto wa gasi, pang'onopang'ono komanso mozungulira, chifukwa cast ikatenthedwa malo amodzi mwamphamvu imasweka. Zimenezi zichitike kilu ili kutali ndi boti, faiba imayaka. Yoduka ija inathyokera m'munsi, ndiye tinachita kuiboola. Pa kuboola sitenilesi anzanga ambiri amathera mabiti: mukathamangitsa dirilo chitsulocho chimatentha n'kuuma, biti n'kumangoterereka. Dirilo iziyenda pang'onopang'ono, mukukanikiza mwamphamvu, mafuta akuthiridwa, kuyambira biti yaing'ono pakatikati penipeni n'kumakulitsa mpaka mazinga akale atotoleke. Kenako mabowo onse tinawadutsitsa tapu, kachida kokonzera mazinga, n'kuwapemerera kuti mukhale moyera. Ena amafuna kuwotcherera kachidutswa katsopano pamwamba pa bawuti yodyeka. Ine ndine wowotcherera, ndipo ndikukuuzani kuti musatero, chifukwa powotcherapo m'pomwe dzimbiri lidzayambirenso, pamalo pomwe simudzapaonanso.

Mabawuti ndi theka chabe la nkhaniyi. Kilu ikagunda mwala boti likupita kutsogolo, kunsi kwake kumakankhidwira m'mbuyo, ndiye kutsogolo imakokera pansi pa boti kunsi, kumbuyo imabaya m'mwamba. N'chifukwa chake mng'alu umaonekera kutsogolo koma kuphwanyika kumakhala kumbuyo, m'kati. Ndinatenga hamala yaing'ono n'kumagogoda faiba pang'onopang'ono kuzungulira malo onse okhala kilu. Pabwino pamalira mowuma, pamene faiba yalekana pamalira mogonthera, khutu limasiyanitsa lokha. Kumbuyo kwa kilu tinapeza nthiti imodzi yolimbitsa pansi pa boti itang'aluka pomwe yalumikizana ndi thupi, mng'alu wake wobisika ndi utoto ndi litsiro. Tinapezanso kuti mawashala akale anali aang'ono, ndipo anali atalowa mu faiba n'kupindika. Pong'alukapo tinapala ndi girayinda mosendereza mpaka kufika pa faiba yamoyo, n'kumanganso ndi nsalu ya faiba ndi utomoni wotchedwa epokisi. Epokisi ndi wodula kuposa utomoni wamba wa faiba, koma amagwira bwino pa faiba yakale. Popala valani chotseka mphuno ndi magalasi, fumbi lake limayabwa ndipo m'mapapo silituluka. Kilu ikakhala ya mtovu ndiye samalani koposa, fumbi la mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana.

Faiba yonyowa sigwira epokisi, choncho tinaisiya iume bwinobwino. Nyengo inatikomera. September ndi October ku Zomba kumatentha ndipo kumauma, pamene June ndi July, chiperoni chikatsika m'phiri, chilichonse chimakhala chachinyontho. Mvula ikayamba mu November ndiye musayerekeze n'komwe pokhapokha muli ndi denga.

Chimene chinatichedwetsa kwambiri ndi kupeza mabawuti oyenera. M'mashopu a zitsulo mukapempha sitenilesi amakupatsani imene ilipo, n'kukuuzani kuti sitenilesi ndi imodzi. Si imodzi ayi. Pali A2, imene ena amati 304, ndiye pali A4 kapena 316, imene amathiramo molibidenamu pang'ono kuti ipirire mchere. Ya pansi pa madzi ndi A4. Maginito sangakuuzeni kusiyana kwake, muyenera kuona chidindo, monga A4-70 kapena A4-80, pa nati ndi pa bawuti. Kuno sitinaipeze ya saizi imeneyo, inachita kuitanitsidwa ku Johannesburg kudzera ku Blantyre, ndipo inatenga masabata. Mukadziwa kuti mudzachotsa kilu, yezani mabawuti n'kuitanitsiratu, manati ndi mawashala a mtundu womwewo. M'malo mwa mawashala aang'ono aja tinadula mapuleti a sitenilesi okhuthala, lililonse logwira mabawuti awiri, makona ake titawazungulitsa kuti asabaye faiba. Pa ndalama zonse zimene bambowa anawononga, mabawuti anali kagawo kochepa, zambiri zinapita ku zimango, epokisi ndi mayendedwe.

Pamwamba pa kilu tinapala mpaka chitsulo choyera n'kupaka epokisi tsiku lomwelo, chifukwa cast ikagona yosapaka m'mawa imadzuka yofiira. Mabawuti atsopano tinawalowetsa mpaka pansi pa mazinga. Tisanatsegule guluu tinayamba tayesa kaye: kutsitsa boti pa kilu popanda chilichonse, kuona ngati mabawuti onse akulowa m'mabowo mosakakamiza, ngati kilu yaima chilili poyeza ndi chingwe chomangirira mwala, komanso ngati palibe mpata. Pomwe panali mpata tinadzaza ndi epokisi wokhuthala, pansi pa boti titamatapo pulasitiki kuti ziwirizo zisagwirane, ndiye pamwamba pa kilu panatenga maonekedwe enieni a pansi pa boti.

Guluu wotseka madzi akhale wa maboti, wa polyurethane monga Sikaflex 291, osati silikoni wa m'bafa. Onani tsiku lotha ntchito pa chubu, poti katundu wotere amakhalitsa m'mashelefu kuno. Kukatentha amauma msanga, ndiye tinayamba m'mamawa dzuwa lisanakwere, aliyense akudziwa malo ake. Tinapaka mosaumira pamwamba ponse pa kilu, n'kuzunguliza mkombero wonenepa patsinde pa bawuti iliyonse. Boti linatsika mofanana mpaka kulemera kwake konse kunakhala pa kilu. Guluu anafinyikira kunja mozungulira monse, ndipo zimenezi n'zimene mufuna kuona. Mbali imene sanatuluke ndiye kuti m'katimo mwatsala mpata.

Pomanga manati a sitenilesi pali msampha wina. Nati ndi bawuti zikathinana zouma, makamaka mukamanga mothamanga ndi makina a mpweya, mazinga amagwirana n'kukhala chitsulo chimodzi, osapita kutsogolo osabwerera m'mbuyo. Pakani mafuta oletsa kugwirana m'mazinga, mangani ndi manja, kuyambira a pakati kumapita kunja, uku ndi uku mosinthana, mobwerezabwereza osati kumaliza imodzi nthawi imodzi. Mphamvu yomangira muitenge kwa opanga boti kapena pa tebulo la mabawuti a saizi ndi mtundu umenewo, ndipo kumbukirani kuti mazinga opaka mafuta amafuna mphamvu yocheperapo kusiyana ndi ouma. Bwerekani sipanala ya toki, yoyeza mphamvu yomangira, za kumva m'manja zisiyeni. Guluu atauma tinabwereza kumanga komaliza, kubwezera waya wa mphenzi, n'kujambula mzere wa utoto kuchokera pa nati kufika pa puleti. Nati ikadzasuntha mzerewo udzaduka, ndipo mwini boti adzaona yekha popanda kuitana mmisiri.

Boti litabwerera ku Mangochi ndinapita nawo. Tisanakweze matanga tinalisiya m'madzi, matabwa opondapo titachotsa, pansi titapukuta, n'kuika pepala louma pambali pa nati iliyonse. Mapepala anakhala ouma. Atayenda nalo kangapo pamphepo ndinayesanso manati ndi sipanala ya toki, ndipo ena analola kuzungulira pang'ono, zimene zimachitika zinthu zikamakhazikika. Ndinawalangiza bambowa kuti pansi pa boti pazikhala pouma nthawi zonse, mawaya a pampu asamagone m'madzi chifukwa magetsi otayika amadya chitsulo mofulumira kuposa mchere, ndipo akadzagundanso mwala, ngakhale pang'ono, alitulutse m'madzi aone mzere wa kilu ndi nthiti za kumbuyo kwake.

Anzanga a ku Kachulu, maboti anu amatabwa alibe kilu yachitsulo, Chilwa ndi yosaya moti boti lotere silingayendemo n'komwe. Koma msana wa boti lanu ndi thabwa la kumbuyo lokolekapo injini zimagwiridwa ndi mabawuti ndi misomali, ndipo madzi a Chilwa ali ndi mchere chifukwa nyanjayi ilibe mtsinje wotulukira. Likangala, Domasi, Phalombe ndi mitsinje ina imangothiramo, madzi amachoka ndi dzuwa, mchere n'kumatsalira, ndipo umachuluka madzi akamaphwa monga zinachitikira mu 1995 ndi 2018. M'thabwa lonyowa bawuti imadyekanso pakati pomwe matabwa awiri akumana, mutu uli bwinobwino. Mukakokera boti pamtunda kuti mumate phula, khomani bawuti imodzi ya kumsana ituluke, makamaka chakumbuyo kumene injini imagwedeza. Ikatuluka yoonda pakati, sinthani mzere wonsewo. Mukatero bayani m'mphepete mwa bowo ndi nsonga ya mpeni, ndipo ngati thabwa lada n'kufewa pamenepo lisinthidwenso, chifukwa bawuti yatsopano siigwira m'thabwa lowola.